Ekisitenshoni yasungunuka pa saluni: vuto ndi magetsi kapena katundu wabodza?

Mai a Tadala:
Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru. Pa saluni panga pali soketi imodzi yokha ya kukhoma, ndiye zonse ndimalumikiza pa ekisitenshoni ya mabowo anayi. Lero masana kasitomala ali pa dryer, mtsikana wondithandiza anaika ketulo kuti atereke madzi otsukira tsitsi. Posakhalitsa tinangomva fungo la pulasitiki. Kuyang'ana, bowo limodzi lada bii, pulagi yamatirira osazukanso. Si koyamba zimenezi. Kodi ndi ma ekisitenshoni abodza adzaza mumsikawa, kapena magetsi anabwera ambiri?

Mfiti ya Mawaya:
Pepani mayi. Tisanaiweruze ekisitenshoniyo, tatembenuzani dryer ndi ketuloyo. Kunsi kwake kumakhala kapepala kapena zilembo zodinda pa pulasitiki. Mutiuze nambala imene yathera ndi W.

Mai a Tadala:
Ketulo alemba 230V 2200W. Dryer 2000W.

Mfiti ya Mawaya:
Basi mlandu watha. Magetsi sanabwere ambiri, inu ndi amene munakoka ambiri. Samu yake ndi iyi: ma watt (W) kugawa ndi ma volt (V), yankho ndi ma amp (A), kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa mu waya. Kuno kwathu magetsi a m'nyumba ndi 230V. Ketulo 2200 kugawa ndi 230, ndi ma amp 9.6. Dryer 2000 kugawa ndi 230, ma amp 8.7. Kuphatikiza, mwadutsa pang'ono pa 18. Pulagi yathu ya mano atatuyi malire ake ndi ma amp 13, ndipo ma ekisitenshoni ambiri otchipa amalemba 10A kumbuyo. Ndiye inu mumadutsitsa 18 pa njira ya 13, mwinanso ya 10.

Mai a Tadala:
Koma ili ndi mabowo anayi. Ine ndinangogwiritsa awiri.

Mfiti ya Mawaya:
Mabowo anayiwo onse amadyera pa waya mmodzi ndi pulagi imodzi. Musamawerenge mabowo, muziwerenga ma watt. 13 kuchulukitsa ndi 230 ndi 2990. Ndiye zonse zimene zayaka nthawi imodzi pa ekisitenshoni zisafike 3000W. Ikakhala ya 10A, 2300W basi, kutanthauza ketulo yokha yadzaza kale.

Wometa wa ku Mchinji:
Kikiki ketulo imeneyo imadya kuposa shopu yanga yonse.

Agogo Opuma pa Ntchito:
Mwayankha bwino achimwene, koma pali funso limene simunawafunse mayiwa. N'chifukwa chiyani fiyuzi sinaduke? Mayi, tsegulani pulagi ya ekisitenshoniyo ngati ikutheka, muone chimene chili pamalo a fiyuzi.

Mai a Tadala:
Mnyamata wa shopu ya pafupi wanditsegulira. Muli fiyuzi ndithu, koma aikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Ndinaibwereka kwa alamu anga itatero kale.

Agogo Opuma pa Ntchito:
Ndi zimenezotu. Fiyuziyo inaduka kalekale kuchenjeza mwini wake, iye n'kuitseka pakamwa. Komanso ndiwonjezere, anthu asaganize kuti fiyuzi ya 13A imaduka pomwepo ikaona 14. Ikhoza kupirira ma amp 18 kwa nthawi ndithu isanaduke, pulasitiki ikufewa. Fiyuzi imathamanga pakachitika shoti, koma pa katundu wongopyola pang'ono imachita ulesi. N'chifukwa chake samuyi muyenera kuichita nokha, osadalira fiyuzi.

Fomu 4 Zomba:
Moni akuluakulu. Ine ndikukonzekera MSCE ndiye nkhaniyi yandifikira. Funso langa, ngati ma amp 18 anadutsa waya yense, bwanji panasungunuka pa bowo limodzi lokha osati waya yense?

Aphunzitsi a Physics:
Funso labwino mwanawe. Tiyambire pa lamulo la Ohm limene uli nalo m'kope mwako. Georg Ohm, wa ku Germany, analisindikiza mu 1827: V = I × R. Volteji (V, ma volt aja) ndi karenti (I, ma amp aja) kuchulukitsa ndi resistance (R, mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa, timaiyeza mu ma ohm). Lachiwiri ndi la mphamvu (P, ma watt aja), P = V × I. Tsopano tenga V ya lamulo loyamba uilowetse m'lachiwiri, upeza P = I × I × R. Kutentha kumene kumabadwa pamalo aliwonse ndi karenti kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako ndi resistance ya pamalopo.

Karenti ndi imodzi njira yonse, koma resistance siifanana. Waya wa kopa resistance yake ndi yochepa kwambiri ndipo yamwazikana m'litali mwake monse, ndiye amangofunda. Koma pamene dzino la pulagi lakumana ndi kachitsulo ka m'bowo, kakakhala kolefuka kapena ka dzimbiri, pamakhala resistance yowunjikana pa kamalo kochepa. Tiyerekeze ndi 0.1 ohm chabe. 18 kuchulukitsa ndi 18 ndi 324, kuchulukitsa ndi 0.1, ndi ma watt 32. Chowotcherera mtovu cha okonza mawailesi chimakhala cha ma watt 30 kapena 40. Ndiye ganiza, chimenecho chayaka mkati mwa pulasitiki pa kamalo kosaposa chikhadabo.

Ndipo taona mmene I × I imachitira. Pa ma amp 9, malo omwewo atulutsa ma watt 8 okha. Karenti yawirikiza kawiri, kutentha kwawirikiza kanayi.

Mfiti ya Mawaya:
Aphunzitsi, pamenepo pali kakang'ono. M'bowo limodzi la ekisitenshoni munkadutsa ma amp a chipangizo chimodzi, 9 kapena 10. Ma 18 onse amakumana pa pulagi ya kukhoma ndi pa tizitsulo ta mkati. Ndiye ngati bowo ndi limene lapsa, bowolo linali lolefuka kwambiri, mwina 0.3 kapena 0.4 ohm. Mayi, ndikukayikira kuti soketi ya kukhoma nayo yafiira. Kaioneni.

Mai a Tadala:
Iii zoona, kuzungulira bowo lakumanja kwachita bulauni.

Mfiti ya Mawaya:
Isinthidwe imeneyo. Chitsulo chikapsa kamodzi chimataya mphamvu yofinya, resistance imakwera, chimatenthanso kuposa kale. Muitane munthu wa mapepala ake akuikireni masoketi awiri kapena atatu a kukhoma, pa waya wa 2.5 (kunenepa kwake 2.5mm²) wochokera ku bokosi la ma breaker. Ekisitenshoni isiyireni matchaja a foni ndi wailesi.

Achimwene a ku Joni:
Ine ndikutsutsako pang'ono. Ku malokeshoni ambiri madzulo magetsi amafooka, anthu onse akayamba kuphika. Volteji ikatsika, chipangizo chimakoka ma amp ambiri kuti chikwanitse ma watt ake. P = V × I, V ikatsika I ikwere. Ndiye mwina ketuloyo imakoka kuposa 9.6 yomwe mukunenayo.

Aphunzitsi a Physics:
Ayi achimwene, pa ketulo sizitero. Ketulo sidziwa kuti kunsi kwake analembako 2200W. Chimene ili nacho ndi elementi, kachitsulo kotenthetsa madzi kaja, ndipo elementi ili ndi resistance yake imene siisintha kwenikweni. Tiipeze: R = V kugawa ndi I, 230 kugawa ndi 9.6, pafupifupi ma ohm 24. Tsopano volteji itsike ifike 200. Karenti ndi 200 kugawa ndi 24, ma amp 8.3. Yatsika. Mphamvu ndi 200 kuchulukitsa ndi 8.3, pafupifupi 1670W. Madzi achedwa kuwira, basi.

Achimwene a ku Joni:
Nanga bwanji mafiliji amapsa magetsi akafooka? Zimenezi ndaziona ndi maso anga, si za m'buku.

Mfiti ya Mawaya:
Mwasakaniza mitundu iwiri bwana. Filiji ili ndi mota, ketulo ili ndi elementi.

Agogo Opuma pa Ntchito:
Apa ndiye pamene anyamata ambiri amagwera, ngakhale amene anatuluka kukoleji. Ndilongosole mofatsa.

Zinthu zotenthetsa, monga ketulo, ayironi, giza, hot plate, babu lakale la kawaya mkati, chokhazikika ndi resistance. Mukachepetsa volteji, karenti itsika, ma watt atsika kwambiri chifukwa P = V × V kugawa ndi R. Onani samu ya aphunzitsi: volteji yatsika ndi 13 pa 100 iliyonse, mphamvu yatsika ndi 24 pa 100.

Mota ndi nkhani ina. Chokhazikika ndi katundu amene ikuzunguza. Kompresa ya filiji iyenera kukankha gasi yemweyo, pampu iyenera kukweza madzi omwewo. Volteji ikatsika, mota imachepa liwiro pang'ono n'kukoka karenti yambiri kuti ikwanitse ntchitoyo. Choopsa kwambiri ndi poyambira. Mota ikamadzuka imakoka karenti yochuluka kangapo kuposa ya nthawi zonse, kwa kanthawi kochepa. Volteji ikakhala yofooka imalephera kudzuka, imangolira hmmm, kenako kaswitchi koteteza kamati tiki, n'kuyesanso. Nthawi yonseyo karenti yaikulu ija ikudutsa m'mawaya opyapyala a mkati, I × I × R ikugwira ntchito yake. Ndi mmene kompresa imapsera.

Ndiye achimwene a ku Joni mukunena zoona pa filiji, pampu ndi chigayo. Pa ketulo aphunzitsi ndi amene alondola.

Mlongo wa ku Chipata:
Ine ndili ndi umboni. Ketulo yanga kuno alemba 220-240V, 1850-2200W. Ndinkadabwa kuti bwanji ma watt awiri.

Aphunzitsi a Physics:
Zikomo achemwali, mwatithera mlandu. Fomu 4, tatenga calculator. 220 × 220 kugawa ndi 1850. Kenako 240 × 240 kugawa ndi 2200.

Fomu 4 Zomba:
Yoyamba 26.2. Yachiwirinso 26.2! Eee.

Aphunzitsi a Physics:
Elementi imodzi, ma ohm 26, ma watt kutsatira volteji. Opanga ketuloyo anangochita samu yomweyi.

Achimwene a ku Joni:
Chabwino, pa ketulo ndagonja. Koma dryer ya mayiwa ili ndi mota.

Mfiti ya Mawaya:
Kamota kakang'ono kongouzira mphepo. Pa 2000W paja pafupifupi yonse ndi elementi. Simupulumukira pamenepo kikiki.

Fomu 4 Zomba:
Aphunzitsi ndili ndi lina. Kusukulu tinayeza babu lakale la 60W ndi multimeter, linaonetsa ma ohm 65. Koma ndikachita samu, 230 × 230 kugawa ndi 60, ndikupeza 882. Mnzanga akuti mita ndi yowonongeka.

Aphunzitsi a Physics:
Mita ili bwino, samu yakonso ili bwino. Munayeza babu lozizira. Kawaya ka mkati ndi ka tungsten, ndipo babu likayaka kamatentha kupyola madigiri 2000. Chitsulo chikatentha resistance yake imakwera, ndiye 882 ndi ya babu loyaka, 65 ndi ya lozima. Tsopano gawa 230 ndi 65. Upeza kuti pa kamphindi koyatsa paja babulo limakoka ma amp oposa 3, pamene likayaka bwinobwino limakoka 0.26 yokha. N'chifukwa chake mababu amenewa amakonda kufa pomwe wangodina switchi.

Pa mayeso akakupatsa girafu ya V ndi I ya babu, siikhala mzere wowongoka, imapindika. Lamulo la Ohm limanena za chitsulo chimene kutentha kwake sikukusintha. Mawu amenewo usawasiye polemba tanthauzo, ana ambiri amataya malikisi pamenepo.

Fomu 4 Zomba:
Nanga ketulo bwanji ikuyenderana ndi samu? Nayonso imatentha.

Aphunzitsi a Physics:
Elementi amapangira nichrome, chosakaniza cha nickel ndi chromium. Resistance yake imasintha pang'ono kwambiri ikatentha.

Mfiti ya Mawaya:
Ndipo zimenezo ndi zimene zimatidyetsa ife. Munthu akabweretsa ketulo kapena ayironi yosayaka, ndimaona ma watt, ndimachita samu m'mutu, kenako mita pa ma ohm. Ayironi ya 1200W ndiyembekeza ma ohm 44 kapena chapompo. Ikaonetsa zimenezo elementi ili moyo, vuto lili pa thermostat, pa chingwe kapena pa fiyuzi. Ikalemba OL, kutanthauza kuti palibe njira yoti magetsi adutse, elementi yaduka. Kenako ndimaika nsonga imodzi pa dzino la pulagi, ina pa chitsulo cha kunja kwa ayironi. Pa mano awiri ang'ono aja payenera kulemba OL. Pa dzino lalitali la pamwamba, la earth, payenera kuonetsa pafupifupi ziro. Zikasemphana ndi pamenepa, ayironiyo idzagwira munthu.

Iwe Fomu 4, chenjezo. Ma ohm amayezedwa chinthu chitazulidwa kukhoma. Ndipo usadzayerekeze kuika mita pa 10A n'kulowetsa nsonga zake mu soketi kuti uone ma amp amene alimo. Mu soketi mulibe ma amp oti uwaone, amabwera pokhapokha chinthu chikukoka. Mita ikakhala pa 10A resistance yake ndi pafupifupi ziro, ndiye gawa 230 ndi kanthu kochepa choncho uone yankho. Ikhoza kukuphulikira m'manja.

Mai a Tadala:
Ine samu zakuyazi zandipitirira, koma ndifunseko za mayunitsi. Dryer imeneyi ikundidyera angati?

Mlongo wa ku Chipata:
Imeneyo ndiyankhe ine, ndi yokhayo ndimaidziwa. Yunitsi imodzi ndi ma watt 1000 kwa ola limodzi. Dryer ya 2000W ikayaka ola lathunthu, mayunitsi awiri. Loweruka ikagwira maola atatu, mayunitsi 6. Ketulo imaoneka yoopsa koma imayaka mphindi zisanu zokha, 2.2 kuchulukitsa ndi 5 kugawa ndi 60, sifika ndi 0.2 yomwe. Ndiye chokuotcherani soketi ndi ketulo, chokutherani ndalama ndi dryer.

Mai a Tadala:
Ndiye kuti woumitsa tsitsi ndiyenera kumukwezera mtengo. Zikomo achemwali.

Achimwene a ku Joni:
Mayi, ngati pali achibale ku America amene amakutumizirani zipangizo za saluni, samalani. Za kuno ku South Africa zilibe vuto, ndi 230V momwemo, mungosintha pulagi. Za ku UK zimangolowa. Koma za ku America ndi 120V.

Aphunzitsi a Physics:
Apa ndiye mwanena zoona zokhazokha. Dryer ya m'manja ya 1500W pa 120V, resistance yake ndi 120 × 120 kugawa ndi 1500, ma ohm 9.6. Iikeni pa 230V: ma amp 24, ma watt opitirira 5500. Pafupifupi kanayi mphamvu imene anaipangira. Kaadaputala kosintha mano kaja sikasintha volteji ngakhale pang'ono. Matchaja a foni ndi laputopu ndi amene amalemba 100-240V, amenewo alibe vuto.

Wometa wa ku Mchinji:
Akuluakulu, poti mwayamba samu ndiloleni nane. Ine ndili pa sola. Batire la 12V 100Ah, inveta ya 1000W. Ndikayatsa TV, sipika, mashini ometera awiri, kafani ndi matchaja a makasitomala, inveta imayamba kulira tii tii ngati batire latha, chonsecho dzuwa lili phwee ndipo controller ikuonetsa kuti ladzaza. Mawaya ochoka ku batire amatentha osagwirika. Wogulitsa akuti ndigule batire lina.

Mfiti ya Mawaya:
Usagule kaye aise. Waya wake ndi wotani, ndipo batire lili kutali bwanji ndi inveta?

Wometa wa ku Mchinji:
Ndi 2.5 womwe uja wa masoketi, unatsala pomanga. Batire ndinaliika kuchipinda chakumbuyo kuopa akuba, mamita atatu.

Mfiti ya Mawaya:
Mayo ine. Wakuba ndi waya ameneyo.

Wometa wa ku Mchinji:
Koma 2.5 yemweyo mwangowauza mayiwa kuti aike pa ketulo ndi dryer, ma watt 4000 ndi kuposa. Ine zanga zonse sizifika 500W. Ndiye akanike bwanji?

Agogo Opuma pa Ntchito:
Funso limeneli ndi limene ndimafuna wina afunse. Waya saona ma watt mwana wanga, amaona ma amp. Tiyerekeze katundu wako ndi 500W monga wanenera. Ku mbali ya 230V, ndi ma amp 2.2 okha, ngakhale kawaya kochepa kanyamula. Koma ku mbali ya batire, 500 kugawa ndi 12 ndi ma amp 42. Inveta nayo imadyako yake, ndiye tinene 46. Waya wa 2.5 sanapangidwire ma amp otere.

Tiwerenge. Kopa wa 2.5 ali ndi pafupifupi 0.0074 ohm pa mita imodzi. Mamita atatu kupita, atatu kubwera, ndi 6. Resistance yonse 0.044 ohm. Kanambala kooneka konyozeka. Koma V = I × R, 46 kuchulukitsa ndi 0.044, ndi ma volt awiri otayika m'njira. Pa 230V ma volt awiri palibe angawadziwe. Pa 12V ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Batire likamapereka 12.4, inveta ikulandira 10.4, ndipo ma inveta ambiri a 12V amayamba kulira chapa 10.5. Iyo ikuganiza kuti batire latha.

Ndipo ma volt awiriwo kuchulukitsa ndi 46, ndi ma watt oposa 90 ongotenthetsa waya. Kumeneko ndiye kutentha ukukumvako. Apa ndiponso pamene mfundo ya achimwene a ku Joni imagwira ntchito, chifukwa inveta ikalandira volteji yochepa imakoka ma amp ambiri kuti ikwanitse 500W ija, waya n'kutenthanso kwambiri.

Achimwene a ku Joni:
Mwamva? Ndinanena ine!

Mfiti ya Mawaya:
Munanena pa ketulo bwana, khalani pansi kikiki. Wometa, chita izi. Tenga mita, ika pa ma volt a DC, magetsi a batire, zonse zili chiyakire. Yeza pa mitu ya batire, kenako pa mitu ya inveta. Utiuze.

Wometa wa ku Mchinji:
Ndabwereka mita kwa wokonza mafoni. Pa batire 12.3. Pa inveta 10.6.

Mfiti ya Mawaya:
Ndi zimenezo, 1.7 yathera m'njira. Samutsa inveta ipite kuchipinda komweko, pafupi ndi batire, mita imodzi isapyole. Waya akhale wonenepa 16mm², ndipo poti inveta ndi ya 1000W, tsiku lina udzaikoka yonse ma amp n'kufika 90, ndiye 25mm² ndi wabwino koposa. Pa 16mm mita imodzi kupita ndi kubwera, utaya 0.1V yokha. Kumapeto kwa waya ufinyire ma lug, tizitsulo tabowo tomangira waya pa bawuti, osangopota waya pa mutu wa batire. Uikenso fiyuzi pafupi ndi mutu wa pulasi. Mtunda wautaliwo uyende ndi 230V yochoka mu inveta, kumeneko 2.5 wako uja agwira ntchito bwinobwino.

Wometa wa ku Mchinji:
Waya wonenepayo ndi wodula koma.

Mfiti ya Mawaya:
Mamita awiri okha. Yerekeza ndi mtengo wa batire limene amafuna kukugulitsa lija. Koma chenjera pogula, pala kansonga ndi mpeni. Mkati mukatuluka zoyera ndi aluminiyamu wopaka kopa, resistance yake ndi yokwera kuposa kopa weniweni.

Aphunzitsi a Physics:
Fomu 4, nkhani ya wometayi ndi funso lija limabwerabwera, loti n'chifukwa chiyani magetsi amayendetsedwa pa volteji yaikulu. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma ofuna kuwagwiritsa ali mpaka ku Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga. Mphamvu yomweyo, ukakweza V, I imatsika, ndipo zotayika m'njira ndi I × I × R. N'chifukwa chake pali mizere ya 66kV ndi 132kV (kV imodzi ndi ma volt 1000), komanso uja wa 400kV wochoka ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma. Kukweza volteji kakhumi, zotayika pa waya yemweyo zichepa ka 100.

Fomu 4 Zomba:
Ndalemba aphunzitsi. Ndiye wometayu atapita pa 24V zingathandize?

Aphunzitsi a Physics:
Ndiwe wakuthwa. Ma amp atsika ndi theka, 23 m'malo mwa 46, kutentha kwa waya kutsala gawo limodzi mwa anayi.

Mfiti ya Mawaya:
Pa pepala inde. M'thumba ndi mabatire awiri ofanana, inveta yatsopano ya 24V, mwinanso controller ndi panelo. Pa 500W sizofunika. Akadzafuna filiji ya zoziziritsa kukhosi ndiye tidzakambe.

Wometa wa ku Mchinji:
Filijiyo ndiye ndikuiganizira kale. Koma batire limeneli pa katundu wa lero lingandifikitse maola angati dzuwa likalowa?

Agogo Opuma pa Ntchito:
12V kuchulukitsa ndi 100Ah ndi 1200Wh, kutanthauza ma watt 1200 kwa ola limodzi. Koma batire la mtovu ukamalikhetsa kupyola theka silikhalitsa, ndiye werengera 600. Pa 500W, kuphatikizapo zimene inveta imadya, ndi ola limodzi basi, mwinanso osakwana chifukwa batire lotere ukalikoka mwamphamvu limapereka zochepa kuposa zolembedwazo.

Wometa wa ku Mchinji:
Ola limodzi? Koma limandifikitsa mpira wonse wa madzulo.

Mfiti ya Mawaya:
Ndiye kuti mwina katundu wako safika 500W nthawi zonse, kapena ukulikhetsa mpaka pansi. Madzulo mashini ometera amakhala atazima. Tawerenga zolemba kumbuyo kwa TV ndi sipika.

Wometa wa ku Mchinji:
TV 65W. Fani 45W. Sipika alemba 3000W PMPO.

Achimwene a ku Joni:
Kikikiki 3000W pa inveta ya 1000.

Mfiti ya Mawaya:
PMPO imeneyo ndi nambala yokopera ogula, usaiwerengere. Yang'ana pafupi ndi pamene chingwe cha magetsi chalowera, pali nambala ina yaing'ono, kapena fiyuzi yake.

Wometa wa ku Mchinji:
Pali kolemba AC 230V 0.8A.

Fomu 4 Zomba:
230 × 0.8 = 184W!

Agogo Opuma pa Ntchito:
Wakhoza, koma pa AC, magetsi a mu soketi, yankho limenelo timalitcha VA, ma volt kuchulukitsa ndi ma amp. Pa elementi VA ndi ma watt n'chimodzimodzi. Pa mota ndi zipangizo ngati sipikayi ma watt enieni amacheperako, ndipo 0.8A ndi pamene waikweza mpaka kumapeto. Posankha waya ndi inveta gwiritsa 184 yomweyo. Powerengera batire tenga yocheperapo.

Wometa wa ku Mchinji:
Ine ndimaikweza mpaka kumapeto agogo, apo ayi makasitomala amapita kwa mnzanga wa tsidya.

Mfiti ya Mawaya:
Ndiye 65 ndi 45 ndi 184, kuphatikiza decoder ndi matchaja, uli chapa 330W. Pa batire ndi ma amp 30. Mpira ndi nthawi yopuma ndi pafupifupi maola awiri, 60Ah. Wadutsa kale theka, osawerengera zija zimathera mu waya. Sintha wayayo kaye, Loweruka mpira ukatha uzimitse zonse, udikire theka la ola, uyeze pa mitu ya batire. Ikakhala pansi pa 12.1 udziwe kuti ukulikhetsa mopyola, ndiye tidzakambe za batire lachiwiri.

Wometa wa ku Mchinji:
Mawa ndipita pa boma kukafuna 16mm. Ma lug amagulitsa komweko?

Mfiti ya Mawaya:
Funsa kwa ogulitsa zipangizo za galimoto kapena a welding. Utenge inveta ukayezere bowo la bawuti, ena ndi 6mm ena 8.